Kodi pasipoti ndi yofunika pa sitima yobwerera doko lomwe inanyamukira?

"Mng'ono wanga amene amakhala ku Durban watilipirira ulendo wa pa sitima ikuluikulu ija ya alendo mu Disembala, pokondwerera kuti ndakwanitsa zaka 50. Sitimayo inyamuka ku Durban, ikaima pa chilumba china ku Mozambique, kenako ibwerera ku Durban komweko patatha masiku atatu. Pasipoti yanga itha mu Malichi chaka chamawa. Ndipita ndi mwana wanga wa zaka 11, bambo ake atsala kuno. Achimwene athu amene amagwira maganyu kumeneko akuti nawonso apita nafe, koma masiku awo anatha kalekale. Iwo akuti pa sitima safunsa chifukwa timabwerera doko lomwelo. Ndinawerenganso pa Facebook kuti pa maulendo otere chiphaso cha unzika chimakwanira. Zoona ndi ziti? Mng'ono wangayo akunenanso za ulendo wina wautali wopita ku Mauritius ndi ku Réunion chaka chamawa." Mayi wa ku Lilongwe.

Mayi, mtima m'malo. Mwafunsa nthawi ikadalipo, ndipo zambiri mwatchulazi zikonzeka musanakwere basi ya Kujoni. Chimodzi chokha, cha achimwene, ndicho cholemera, ndipo ndichifikira.

Chimene chimapusitsa anthu ndi maonekedwe a sitimayo. Ili ngati hotela yoyandama, muli zipinda, malo odyera, dziwe losambiramo, oimba usiku, ndiye munthu amaona ngati akungolowa m'hotela ya pa doko. Koma kwa a zolowa ndi kutuluka, tsiku limene sitimayo ikunyamuka kupita ku Mozambique, doko la Durban ndi chipata cha malire, chimodzimodzi Mwanza, Dedza kapena Beitbridge. Musanakwere, mudutsa pa tebulo la a imigireshoni a dzikolo, atsegula pasipoti, aona tsiku lomwe munalowa, adinda kuti mwatuluka mu South Africa. Pobwera mudutsanso pomwepo ngati munthu amene akulowa m'dzikomo. Kuti mwagona masiku atatu m'chipinda chimodzi osanyamula chikwama sizisintha kanthu. Amene anakwerapo Ilala akudziwa: kupita ku Likoma sufunsidwa pasipoti chifukwa ndi kwathu, koma ukati uwoloke pa bwato kupita ku Cobué tsidya linalo, ngakhale gombe likuoneka pafupi, walowa dziko la eni.

Zimene munawerenga pa Facebook si bodza, kungoti si zanu. Lamulo limenelo ndi la ku America, ndipo ndi la nzika za America zokha. Kuyambira mu 2009, nzika ya dzikolo imene yakwera sitima ku Miami, nkukaima ku Bahamas kapena ku Cozumel ku Mexico, nkubwerera ku Miami komweko, imaloledwa kulowanso kwawo ndi kalata ya kubadwa pamodzi ndi chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi. Zolembedwa zambiri za pa intaneti zokhudza sitima za alendo amalemba ndi anthu a kumeneko, polembera anzawo, ndiye nkhaniyo ikafika kwa ife imafika yopanda mutu wake. Ngakhale kwawoko makampani amawalangiza kutenga pasipoti, chifukwa munthu akadwala pa chilumba nkufunika kubwerera pa ndege, kalata ya kubadwa simukweza ndege. Kulinso kena kamene mng'ono wanu angamve kwa anzake a ku Durban: pali maulendo afupi amene sitima imangozungulira panyanja osaima dziko lina lililonse, ndipo pa amenewo nzika za South Africa zimakwera ndi chiphaso chawo cha unzika. Ulendo wanu si umenewo, ndipo inu si nzika ya kumeneko. Chiphaso chathu cha NRB chija tinayamba kulandira mu 2017 ndi champhamvu ku banki, polembetsa nambala ya foni ndi povota, koma pa doko la Durban sichikukwezani sitima.

Tsopano pasipoti yanu. Dziko la South Africa palokha limangofuna kuti pasipoti ikhale ndi moyo masiku 30 kupitirira tsiku lomwe mudzachoke, ndiye pa bodala mungadutse bwinobwino ndi yanu yothera mu Malichiyo, nkumaona ngati zonse zili m'malo. Vuto likudikirani pa doko. Mozambique imafuna miyezi isanu ndi umodzi, ndipo makampani ambiri a sitimazi amafunanso miyezi isanu ndi umodzi kuwerengera kuchokera tsiku lomwe ulendo ukutha, osati lomwe ukuyamba. Kuchokera Disembala kufika Malichi ndi miyezi itatu. Sikukwana.

Ndinaziona ndi maso zimenezi chaka china nditaperekeza gulu la alendo anga. Patsogolo pathu pa mzere panali banja la anthu khumi ndi mmodzi, onse atavala masikipa ofanana olembedwa dzina la agogo awo, amene ulendowo unali wowathokoza. Mtsikana wa pa tebulo analandira mapasipoti onse pamodzi, nkumatsegula imodzi imodzi. Atafika pa ya agogowo anaima, nkuwerenga miyezi ndi zala pansi pa tebulo, nkuitana mkulu wake. Inatsala ndi miyezi inayi. Ana anachonderera, wina anatulutsa foni kuonetsa risiti ya ndalama zonse, wina anati agogo sadzatsika nkomwe pa chilumba, adzangokhala m'sitima. Mkulu uja anawamvera mwaulemu mpaka kumapeto, koma yankho silinasinthe. Sitima inanyamuka madzulo agogo ali pa benchi panja ndi mdzukulu mmodzi, masikipa ali m'thupi.

Mawu oti "sadzatsika" ndimawamva pafupifupi mwezi uliwonse, ndiye ndiwafotokoze. Sitima isanafike m'dziko, kampani imatumiza mndandanda wa aliyense amene ali m'katimo, dzina, dziko lake, nambala ya pasipoti ndi tsiku lothera. Akuluakulu a dzikolo amaloleza sitima yonse pamodzi, ndipo kwa iwo munthu amene ali m'madzi awo wafika kale m'dziko mwawo, kaya waponda mchenga kaya wagona m'chipinda. Pakapezeka mmodzi wopanda mapepala oyenera, kampani ndiyo imalipitsidwa, nthawi zina sitima yonse imachedwetsedwa. Nchifukwa chake amakukanizani pa khomo musanakwere. Ndipo m'malamulo a tikiti amalemba kuti mapepala a ulendo ndi udindo wa wokwera, kutanthauza kuti ndalama za mng'ono wanuzo sizibwerera.

Choncho pitani ku imigireshoni sabata ino, osati mu Novembala. Mukukumbukira mmene zinalili kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo anthu nkumagona pa mizere. Sindikunena kuti zibwereza, koma munthu amene anaona zimenezo sasiya pasipoti mpaka mwezi womaliza. Yatsopano ikatuluka idzakhala ndi nambala ina, ndiye mudzauze mng'ono wanu asinthe nambala pa bukingi. Muonenso dzina. Amayi ambiri kwathu kuno amadziwika ndi dzina la kwa amuna awo, pamene pasipoti ili ndi la kwa bambo awo, ndipo wachibale akamagula tikiti amalemba lomwe analizolowera pakamwa. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo. Kukonza zimenezi mwezi ukadalipo ndi nkhani ya foni imodzi, pamene pa doko ndi nkhani ya misozi. Pakhalenso masamba osadindidwa osachepera awiri, ndipo pasipoti yonyowapo, yothothoka tsamba kapena yomatuka pa chithunzi ikhoza kukanidwa ngakhale ili ndi zaka zambiri.

Za viza pa ulendo uwu musadandaule. Mmalawi safuna viza pokacheza ku South Africa kapena ku Mozambique kwa masiku 30. Chilumba chimene sitima zambiri za ku Durban zimaimapo pa ulendo wa masiku atatu ndi Portuguese Island, pafupi ndi Inhaca kunja kwa Maputo, ndipo zina zimapita ku Pomene chakumpoto. Pa Portuguese Island palibe doko, palibe ofesi, ndi mchenga ndi mitengo basi. Sitima imaima patali, anthu amatsika ndi timabwato ting'onoting'ono, ndipo nyanja ikakwiya tsikulo satsitsa aliyense. Chimene mumaonetsa potsika ndi pokwera ndi khadi la pulasitiki lomwe amakupatsani tsiku loyamba, lomwenso ndi kiyi wa chipinda ndi chogulira zinthu m'sitimamo. Anthu akabwerako amakauza anzawo kuti "sanatifunse pasipoti ku Mozambique," ndipo akunena zoona pa zimene anaona, koma sadziwa kuti ntchitoyo inagwiridwa mu ofesi ya m'sitima iwo akudya chakudya cham'mawa. Mwina ndi kumene achimwene anatenga nkhani yawo. Pa maulendo ena ogwira ntchito m'sitima amasonkhanitsa mapasipoti onse nkuwasunga mpaka tsiku lomaliza. Zikatero musachite mantha, ndi mwambo wake, koma mukhale ndi fotokope ya tsamba la chithunzi m'chikwama chanu ndi chithunzi chake mu foni.

Masiku 30 anuwo muwawerenge bwino. Ngati mukufuna kucheza ndi mng'ono wanu kaye, musakwere sitima pa tsiku la 28 la masiku 30 amenewo. Ndipo musaganize kuti kutuluka masiku atatu pa nyanja kukupatsani mwezi watsopano. Pobwera, musanachoke pa tebulo, tsegulani pasipoti muwerenge tsiku lomwe alembapo. Limenelo ndilo lamulo lanu, osati zimene mukuganiza kuti anayenera kulemba.

Mwana akhale ndi pasipoti yakeyake, ndipo muione tsiku lothera lero lomwe, chifukwa makolo ambiri amayang'ana yawo nkuiwala ya mwana. Mu 2015 South Africa inakhwimitsa malamulo a ana odutsa malire, kenako mu 2019 inawafewetsa kwa ana a m'maiko ena oyenda ndi makolo awo. Anthu atamva zimenezo anasiya kunyamula mapepala. Ine ndimauzabe kholo lililonse loyenda lokha ndi mwana kuti linyamule, chifukwa basi yanu idutsa Mozambique ndi Zimbabwe musanafike, kampani ya sitima ili ndi malamulo akeake, ndipo wa pa tebulo aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuti mwanayu ndi wanudi. Tengani kalata ya kubadwa yoonetsa maina a makolo onse awiri. Bambo ake alembe kalata yovomereza ulendowo, yotchula dzina la mwana, masiku a ulendo ndi maiko onse amene mudutse, akailumbirire kwa majisitireti kapena kwa loya, aphatikizepo fotokope ya chiphaso chawo ndi nambala ya foni imene amayankha. Isalembedwe miyezi yambiri ulendo usanafike, ikhale yaposachedwa. Kwa owerenga ena amene bambo a mwana anamwalira, kalata ya imfa imalowa m'malo mwa chilolezocho, ndipo amene banja linatha atenge chigamulo cha khoti chonena za wosunga mwana.

Tibwere kwa achimwene. Ndinena mosabisa, asapite. Si kuti pa sitima safunsa, ndiye pamene amafunsa modekha, munthu mmodzi mmodzi, pa kompyuta, popanda chipwirikiti cha pa Beitbridge chimene ena amabisalamo. Kuyambira mu Meyi 2014, munthu amene wapitirira masiku ake mu South Africa salipitsidwanso faindi potuluka monga kale. Amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Akapitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa chaka chimodzi, akapitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Tsono taganizani: sitimayo ikubwerera ku Durban, dziko lomwe angowaletsa kulowamo. Kampani singawanyamule ikudziwa zimenezo. Chochepa chimene chingachitike ndi kutaya ndalama ya tikiti, chachikulu ndi kugwidwa pomwepo nkuyamba njira yobwezedwa kumudzi, katundu ndi ntchito zitatsala m'mbuyo, inu mukuonerera pa tsiku la chikondwerero chanu.

Akakuuzani kuti pali munthu amene "amakonza masiku," kapena kuti atumiza pasipoti ndi wa basi ikadindidwe pa bodala iwo ali ku Durban, muwaletse. Chidindo chikhoza kuoneka chenicheni pa pepala, koma wa pa doko amayang'ana zimene zili mu kompyuta, ndipo ziwirizi zikasemphana mlandu suli wa kupitirira masiku chabe, wasanduka wa chinyengo. Ngati ali ndi pepala lopempha malo a othawa kwawo, limenelo si pasipoti, ndipo lamulo la kumeneko limati pepalalo limafa mwini wake akatuluka m'dzikomo popanda chilolezo. Nkhani ya achimwene ndi yopita nayo kwa loya wodziwa za imigireshoni, wokhala ndi ofesi yodziwika, kapena ku mabungwe opereka uphungu wa malamulo kwaulere kwa alendo, amene alipo ku Durban ndi ku Johannesburg. Akakuperekezeni pa doko, akubayibitseni, mudzadye nawo nsima pobwera.

Mng'ono wanunso adzifunse yekha. Ngati ali ndi chilolezo cha ntchito kapena chokhalira, chikhale ndi moyo tsiku lobwerera, osati lonyamuka lokha. Ngati chilolezocho chinamatidwa mu pasipoti yakale, anyamule zonse ziwiri. Ndipo ngati anapempha kuti chiwonjezedwe koma yankho silinatuluke, afunse kaye kwa odziwa ngati risiti yakeyo imamulola kutuluka ndi kulowanso, asangodalira mawu a anzake.

Ulendo wa chaka chamawa uli ndi msampha wina, ndipo dzina lake ndi Réunion. Ku Mauritius Mmalawi amalowa popanda viza. Réunion ili pafupi ndi Mauritius, koma ndi gawo la dziko la France, ndalama yake ndi yuro, ndipo Mmalawi amafunika viza. Chosokoneza nchakuti nzika za South Africa zimalowa kumeneko kokacheza popanda viza, ndiye wogulitsa matikiti ku Durban, amene makasitomala ake ambiri ndi a konko, akhoza kuyankha ndi mtima wonse kuti "sipafunika kanthu." Akuyankha za pasipoti yake, osati yanu. Chinanso, Réunion sili m'gulu la maiko a Schengen, maiko a ku Ulaya amene amalowedwa ndi viza imodzi, kotero viza wamba ya Schengen siigwira ntchito kumeneko. Popempha ku ofesi ya kazembe wa France muyenera kunena kuti mukupita ku Réunion, kuti viza ilembedwe motero. Yambani miyezi itatu ulendo usanafike, ndipo musamalize kulipira tikiti musanadziwe kumene mukaperekere pempho ndi masiku amene limatenga. Ngati sitimayo ikukaimanso ku Mombasa, mubayitse katemera wa yellow fever masiku khumi musananyamuke ndi kutenga kabuku kachikasu, chifukwa South Africa imakafuna kwa wochokera ku Kenya. Kuyambira mu 2016 katemerayu akabayidwa kamodzi kabukuko nkamoyo wonse.

Abale athu a ku Britain amagwa m'dzenje lofanana ndi sitima za pa Mediterranean. Chilolezo chokhalira ku UK sichilowetsa munthu ku Spain kapena ku Italy, pamafunika viza ya Schengen, pamodzi ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Ndipo ngati sitima ichoka ku Italy, nkukaima ku Tunis, ku Kotor kapena ku Kusadasi, nkubwereranso ku Greece kapena ku Spain, ndiye kuti mwatuluka ndi kulowanso, choncho viza yolowera kamodzi siikwana. Za sitima zonyamukira ku Miami sindichedwapo: pamafunika viza ya America, ndipo mu Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia anali maiko oyamba kuikidwa pa ndondomeko yolipiritsa chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa opempha viza yokacheza.

Kampani iliyonse ili ndi tsamba la mapepala ofunika, koma ine ndimakonda kuti mlendo wanga akhale ndi yankho lolembedwa. Mng'ono wanu awalembere imelo, atchule kuti okwera ali ndi mapasipoti a Malawi, atchule dzina la sitima, tsiku ndi madoko onse, afunse chimene chikufunika kwa wamkulu ndi kwa mwana woyenda ndi kholo limodzi. Yankholo alisindikize mulinyamule. Silisintha lamulo la dziko, koma likakhala m'manja wa pa tebulo amakumverani mosiyana.

Pa chilumba chopanda anthu nkovuta kutsalira, koma pa madoko a m'mizinda monga Maputo, Port Louis kapena Walvis Bay zimachitika. Sitima siidikira munthu amene wachedwa ku msika. Tsiku lililonse amakupatsani pepala la ndondomeko, ndipo pamenepo pamalembedwa nthawi yobwerera ndi nambala ya foni ya woimira kampani pa dokolo. Jambulani pepalalo musanatsike, ndipo wotchi yanu itsate nthawi ya sitima, chifukwa foni imadzisinthira yokha ikagwira netiweki ya dziko lina. Mukatsalira, woimira kampani uja ndiye woyamba kumuimbira, popeza nthawi zambiri a m'sitima amasiya pasipoti ya wotsalira m'manja mwake. Pasipoti ikatayika kapena kubedwa, pitani ku polisi mukatenge lipoti, kenako ku ofesi ya kazembe wathu, ku Maputo, ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Chikalata chadzidzidzi chimene angakupatseni nchobwerera nacho kumudzi, si chopitirizira ulendo wa sitima. Apa mpamene inshuwalansi ya ulendo imaonetsa phindu lake, makamaka kwa inu amene mukuyenda ndi mwana, chifukwa chipatala cha m'sitima chimalipiritsa, ndipo si ndalama yochepa.

Tsiku lonyamuka, mukangotsika galimoto pa Nelson Mandela Cruise Terminal, anyamata onyamula katundu adzakulandirani masutikesi akuluakulu pa khomo pomwepo, musanafike pa tebulo lililonse, ndipo simudzawaonanso mpaka madzulo pa khomo la chipinda chanu. Chaka chilichonse pamakhala wina amene pasipoti yake yapita m'sutikesi, iye ali pa mzere manja ali m'thumba, ogwira ntchito akufufuza chikwama chimodzi pakati pa zikwi. Mapasipoti onse awiri, kalata ya kubadwa ya mwana, kalata ya bambo ake, matikiti ndi mankhwala amene mumamwa zikhale m'kachikwama ka m'manja, ndipo kameneko musapatse munthu, ngakhale achimwene atati akunyamulireni.